WhatsApp, Signal kapena imelo ya boma: makalata a ofesi adzere kuti?

M'maofesi a boma kuno ku Blantyre, memo imafika pa gulu la WhatsApp mesenjala asananyamuke n'komwe. Wina amangoijambula ndi foni, siginecha ndi chidindo zikuoneka bwinobwino, n'kuitumiza. Zimenezi zimandidetsa nkhawa, makamaka ndikakumbukira za February 2024, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava za pa intaneti zalowa m'makina a mapasipoti ndipo zikufuna dipo.

WhatsApp ndi yotsika mtengo, bandulo yake pa TNM kapena Airtel ambiri amaikwanitsa, ndipo kuyambira 2016 uthenga umayenda wotsekedwa moti wapanjira sangauwerenge. Vuto lili kofikira. Foniyo ndi ya mwini, madzulo ana akuseweretsa, zithunzi zikungodzisunga m'galare. Wogwira ntchito akasamutsidwira ku Nsanje kapena akapuma, makalata onse amapita nawo m'thumba, ndipo kumuchotsa pagulu sikufufuta zomwe analandira kale. Makope a mauthenga omwe WhatsApp imasunga pa intaneti ku Google Drive nawonso satsekedwa pokhapokha mutatchera nokha. Ndi angati amatero?

Signal, pulogalamu ina yotumizirana mauthenga ngati WhatsApp, ndi yokhwima kuposa pamenepo. Mwini wake ndi bungwe losafuna phindu, ndipo silisunga zambiri za yemwe mwalankhula naye. Koma bandulo ya WhatsApp sigwira pamenepa, ndiye anzanu ena amadandaula. Komanso siiteteza ku chala cholakwika: mu March 2025 akuluakulu a boma la America anaika mtolankhani wa magazini ya The Atlantic pagulu lawo la Signal lomwe ankakambiranapo zoponya mabomba ku Yemen.

Imelo ya ofesi, ija yothera .gov.mw, anthu amaiderera chifukwa netiweki ikavuta ntchito imaima. Komabe ndi yokhayo yomwe ofesi ili nayo mphamvu. A IT, oyang'anira makompyuta, angatseke akaunti tsiku lomwe munthu wachoka, makalata n'kutsala. Nzika ikapempha chikalata potsatira lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, simukachifuna m'foni ya munthu wopuma. Gmail yanuyanu ilibe ubwino umenewu.

Ine ndikuti chilichonse chokhala ndi chidindo, mayina kapena manambala a ziphaso za anthu chidzere pa imelo ya boma basi. Zamwadzidzidzi pakati pa mabwana, Signal. WhatsApp isiyireni zokumbutsana nthawi ya msonkhano ndi mauthenga a maliro, koma nayonso muiikire PIN ya manambala 6, ndipo nambala yachinsinsi yobwera pa SMS musauze aliyense, ngakhale woimbayo atati ndi wa ku likulu.