DBT, CBT kapena mapilisi, kwa ife amene mtima umaphulika tisanaganize

Mnzanga wina wa ku Matawale anandifunsa sabata yatha kuti ayambe iti pa zitatuzi, mapilisi, CBT kapena DBT (ziwirizi ndi njira zothandizira maganizo pokambirana ndi mlangizi), poti iyeyo akapsa mtima amaswa mbale, nthawi zina kudzicheka pamkono, pakatha ola limodzi nkumadzimvera manyazi. Ine zonse ndalawako nde ndingonena mmene ndinazionera.

Mapilisi sindichedwapo. Madokotala, monga a ku Zomba Mental Hospital, amatha kupereka fluoxetine kapena amitriptyline ngati pansi pa mkwiyowo pali matenda a kukhumudwa, ndipo pamatenga masabata angapo kuti uyambe kuona kusintha. Ine anandithandiza tulo ndi kulemedwa kwa m'mawa kuja. Koma pilisi silikuuza chochita alamu ako akakulalatira pagulu. Ndipo ukayamba osasiya wekha chonde, kambiranani ndi adokotala.

CBT anaiyambitsa Aaron Beck, dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, cha m'ma 1960, mfundo yake ndi yoti mmene ukumvera zimachokera pa zomwe ukudziuza. Umalemba ganizo, tinene "onse kuntchito amandida", kenako nkufufuza umboni ngati wapolisi. Nthawi zambiri imatha pa masesheni 12 mpaka 20. Kwa munthu wogona chagada kumangowerenga malata ndi nkhawa, iyi ndi mbambande. Koma ine pofika potulutsa kope ndi bolopeni kapu inali itasweka kalekale kkkk, komanso kuuzidwa kuti ganizo lako ndi lokhota pomwe mkati mukuyaka zimangomveka ngati akukutsutsa.

Vuto limenelo ndi lomwe Marsha Linehan, katswiri wa za maganizo, anakumana nalo ku University of Washington ku Seattle, pothandiza azimayi omwe ankafuna kudzipha mobwerezabwereza. Akawakakamiza kusintha ankakwiya nkusiya kubwera, akangowamvera chisoni palibe chimasintha, nde anaphatikiza ziwirizo, kuti ululu wako ndi weniweni ndipo uli ndi chifukwa, komabe zochita zako ziyenera kusintha. DBT ndi imeneyo, buku lake linatuluka mu 1993. Mayiyu mu 2011 anaulula yekha kuti ali ndi zaka 17 anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo akudzivulaza, nchifukwa chake mwina njira yakeyi siimveka ngati yolembedwa ndi munthu wongoonera patali.

Imaphunzitsa maluso anayi: kuzindikira zomwe zikukuchitikira pompano osadziweruza, kupirira mphindi yowawa osaionjezera moto, kuwongolera mmene ukumvera, ndi kulankhula ndi anthu, kupempha kapena kukana popanda ndewu. Chomwe chinandigwira mtima ndi chachiwiricho poti chimayambira m'thupi osati m'mutu. Umaviika nkhope m'beseni la madzi ozizira utagwira mpweya masekondi pang'ono, thupi limaganiza kuti wamira nde mtima umatsika liwiro wokha, ndipo ife a ku Zomba madzi a ku Mulunguzi mu June safuna ndi firiji yomwe (odwala mtima iyi ayi, funsani kaye). Palinso ina yochita zosemphana ndi zomwe mtima ukulamula, ukafuna kumulumphira munthu iwe uchoke pang'onopang'ono mawu utatsitsa. Imaoneka yachibwana mpaka tsiku lomwe yakupulumutsa ku chitokosi.

Kuipa kwake ndi kulemera. DBT yathunthu ndi gulupu sabata iliyonse maola awiri kapena kuposerapo kwa masabata 24, ambiri amabwereza kukwana chaka, kuonjezera kukumana ndi mlangizi wako pawekha, kumuimbira foni zikavuta, ndi kakhadi kolemba tsiku ndi tsiku. Ine ndinaitola zidutswa zidutswa pa vidiyo kolo, mabando anandidya shuwa, ndipo kakhadiko ndinkakaiwala kawirikawiri.

Mnzanga uja ndinamuuza kuti poti pali kudzichekako asayambe ndi YouTube, apite kaye kuchipatala akamuone, akafike nkufunsa ngati pali mlangizi wodziwa maluso a DBT. Tapangana Lachiwiri ndimuperekeza, akuti yekha akakafika pageti abwerera.