Loya amene anatithandiza pa nkhani yotuluka dziko uli pa probation

Ndati ndilembeko za ofesi ya maloya yomwe inathandiza mng'ono wanga chifukwa ndikudziwa alipo ena akuvutika ndi nkhani yomweyi koma akuchita manyazi kufunsa. Dzina sinditchula, ndi kaofesi kakang'ono ku America komwe timakhala, amayimira anthu pa milandu komanso amadziwa za ma viza. Mnyamatayu anagwidwa akuyendetsa galimoto ataledzera, khoti linamuika pa probation (chilango chomwe umakhala kunja kwa ndende koma ukutsatira malamulo a khoti, ofisala akukuyang'anira), ndiye kuntchito anamusankha kuti apite ku Toronto, m'dziko la Canada, kukachita maphunziro. Iyeyo mmutu mwake zinali zoti pasipoti ali nayo, palibe anamulanda, angogula tikiti basi azipita.

Ndinamuperekeza tsiku loyamba. Mayi loyayo asanayankhule zambiri anaitanitsa pepala la malamulo a probation lija anasaina kukhoti, n'kuyamba kuwerenga naye mzere ndi mzere cholembera chili pa pepala, mpaka anafika pomwe panalembedwa kuti saloledwa kutuluka m'dera lake opanda chilolezo, anazunguliza pamenepo n'kumuyang'ana osanena kanthu. Kenako anafotokoza bwinobwino kuti ulendo wa m'dziko momwemo ofisala wa probation nthawi zambiri amatha kuvomereza yekha, koma wotuluka kunja kawirikawiri umafuna jaji, komanso malamulo amasiyana state ndi state nde osamangotengera zomwe mnzako anachita. Ukanyamuka mwakachetechete waphwanya probation ndipo jaji atha kuithetsa n'kukutumiza kundende, nkhani ya ulendo wa masiku ochepa chabe.

Pempho lopita kukhoti analikonza bwino zedi. Anaikamo kalata ya abwana ake kuntchito, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, adiresi ya hotela, ma risiti osonyeza kuti chindapusa anamaliza kulipira, ndi setifiketi ya makalasi a zakumwa aja khoti linalamula. Chinandisangalatsa n'choti anayamba aimbira kaye ofisala wa probation asanapereke pepalalo, akuti jaji amafuna kumva maganizo a ofisalayo ndiye kuli bwino asadzidzimuke nazo kukhoti.

Koma pomwe ndalama yathu inagwira ntchito kwenikweni ndi pa nkhani ya Canada. Ife tonse maso anali pa jaji, tinkaona ngati akangosaina zatheka. Mayiwa anati ayi, jaji amakulola kutuluka koma sangalamule dziko la eni kuti likulandire. Canada kuyambira Disembala 2018 imatenga kuyendetsa utaledzera ngati mlandu waukulu woti chilango chake chimatha kufika zaka 10, ndipo a pa boda amatha kuona mbiri ya milandu ya ku America pa kompyuta zawo, nde munthu utha kutsika ndege pepala la jaji lili m'manja n'kukubweza pa eyapoti pomwepo. Njira yake inali yopempha Temporary Resident Permit, pemiti yapadera yomwe Canada imalola nayo munthu wa mlandu kulowa kwa kanthawi, chifukwa njira inayo, yopempha Canada kuti isamakuletsenso kulowa chifukwa cha mlanduwo, amafuna padutse zaka 5 chimalizireni chilango chonse, probation yomwe. Anamuletsa kugula tikiti mpaka mapepala onse awiri atuluke, ndipo apa anatipulumutsa zoona.

Zodandaula zilipo. Ma imelo amayankha mochedwa kwambiri, umalemba Lolemba yankho kudzabwera kumapeto kwa sabata, munthu mtima uli m'mwamba. Chachiwiri chinandiwawa, sanatiuze poyamba kuti ntchito ya pemiti ya Canada ili ndi bilu yakeyake, komanso foni iliyonse yomwe waimba amawerengera nthawi. Tinadzaziona pa bilu. Kwa munthu amene wangomaliza kulipira chindapusa ndi makalasi zimenezi zimafunika kunena poyera tsiku loyamba lomwelo.

Jaji anavomera, koma pemiti inachedwa moti gulu loyamba linapita iye atatsala, abwana ake anachita kumuika m'gulu lotsatira ndipo loya anabwereranso kukhoti kukasintha masiku. Anapita n'kubwerera bwinobwino, atafika anakaonekera kwa ofisala wake monga anagwirizana.

Ndingawatumizire munthu wina opanda kukayika, makamaka ngati mlandu wake ukukhudza dziko lomwe akufuna kupitalo. Kungoti muyambe msanga ulendo ukadali kutali, mutenge pepala la malamulo a probation popita, ndipo muwauze akulembereni mitengo ya ntchito iliyonse musanasaine chilichonse.