Scrabble ya ku Limbe ija: tizilembo tinaperewera koma pakhomo pakusangalatsa

Anthu angapo mwakhala mukufunsa za Scrabble, masewero opanga mawu a Chingerezi ndi tizilembo pa bolodi, yomwe ndinagula mwezi watha, ndiye nayi nkhani yake. Ndinaigula mu shopu ina ku Limbe, zogulitsa zidole ndi zinthu za kusukulu zija, dzina sinditchula chifukwa mayi wogulitsayo anandilandira bwino ngakhale katunduyo ali ndi zofooka zake. Ndinene poyambirira kuti si orijino, ndi zokopera basi, katoni yake ndi yopyapyala moti tsiku lachiwiri inali itang'ambika kale pakona, ndipo bolodi lake pamene limapindikira paja pamatukuka ndiye munthu akangogunda tebulo ndi bondo mawu onse amabalalika, kuyambiranso kukangana kuti chilembo ichi chinali pati.

Chomwe chinandipweteka mtima kwambiri ndi tizilembo. Scrabble ya Chingerezi imayenera kukhala ndi tizilembo 100, tiwiri mwa ito topanda cholembedwa tomwe umatha kutisandutsa chilembo chilichonse. Ife titafika kunyumba n'kuwerenga tinapeza 97. Kunasowa E mmodzi, kopanda chilembo kamodzi, ndi S mmodzi, ndipo ma S amakhala 4 okha m'thumbamo ndiye kusowa mmodzi si nkhani yaing'ono. Mwana wanga wamkazi anadula katoni ya sopo n'kulembapo ndi maka, koma vuto lake aliyense akapisa dzanja m'thumba amakamva kakatoniko kufewa n'kudziwa kuti ameneyu ndi S kapena E kkkk, moti mlongo wake wa Sitandade 6 amachedwa dala dzanja lili m'thumba kufufuza.

Koma masewerowo paokha, eee, ndalama yanga sinapite pachabe. Ndinagulira mtsikanayu amene ali Fomu 2, Chingerezi chimamuvuta makamaka masipelo, ndipo tonse tikudziwa kuti pa MSCE ukalephera Chingerezi setifiketi palibe olo masamu ukhoze bwanji. Chimene bolodi ili lamuphunzitsa chomwe ine ndinalephera ndi kukalipa konse ndi kuyang'anitsitsa zilembo za m'kati mwa mawu. Tsiku lina anali ndi S, T, O, P ndipo amafuna kungoika stop basi, ndinamuuza kuti dikira kaye tasinthasintha, anapeza pots, miphika, kenako spot, kadontho kapena malo, kenako post, tops, ine n'kumuonjezera opts, kusankha. Zilembo zinayi zomwezo mawu sikisi. Mawa lake anabwera kusukulu akuthamanga, amvekere adadi mukudziwa kuti listen ndi silent ndi zilembo zimodzimodzi? Kumvetsera ndi kukhala chete. Ine ndinali ndisanazindikirepo zaka zonsezi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna makolo anzanga mumve, masewerowa akhoza kudzaza mwana mawu m'mutu opanda tanthauzo ngati chinkhwe. Malamulo ake safunsa kuti mawuwo akutanthauza chani, bola akhale m'ndandanda wovomerezeka. Ndiye kwathu tinaika lamulo lathulathu, waika mawu unene tanthauzo lake, m'Chichewa kapena upange chiganizo, ukalephera mapointi theka. Lamuloli linabwera chifukwa cha alamu anga omwe anasewerako ali ku koleji, iwowo anafika Loweruka lina n'kuika QI, zilembo ziwiri zokha, Q yekha ndi mapointi 10 komanso anamukhazika pa kabokosi kochulukitsa katatu. Tonse tinakuwa kuti alamu mukutibera, Q amayenda ndi U nthawi zonse, tinatsegula dikishonale yathu yaing'ono ya kusukulu mulibemo. Koma titayang'ana pa foni anali olondola ndithu, mawuwa ali mu Collins Scrabble Words, ndandanda umene amagwiritsa ntchito pa mipikisano m'mayiko ambiri kunja kwa America ndi Canada. Kuwafunsa tanthauzo, anangoti ndi mawu basi alamu, ikani mapointi. Tinachita kupeza tokha kuti qi ndi mphamvu ya moyo malinga ndi chikhulupiriro cha ku China, qat ndi masamba amene anthu amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia, xu ndi kandalama ka ku Vietnam, za ndi chidule cha pizza. Kunena zoona mawu amenewa mwana sadzawalemba pa kompozishoni, ndi ongowinira masewero, ndipo ndimamuuza choncho.

Chomwe chinatiseketsa ndi chakuti kwacha ndi mawu ololedwa mu Scrabble, tambala nayenso, ngakhale ngwee ya anzathu a ku Zambia. Kwacha imapereka mapointi 18 osawerengera timabokosi tochulukitsa, ndiye alamu akuti pa bolodi pokha ndi pamene kwacha ili ndi mphamvu. Tambala ali ndi zilembo 7 ndendende, kutanthauza kuti ukamuika yense kamodzi umalandira bonasi ya 50, mayi a ana akumusaka mpaka lero sanamupeze chifukwa pamafunika ma A atatu.

Kapepala ka malamulo kamene kanali m'katonimo ndi ka Chingerezi chothyokathyoka, musadalire, funsani munthu wodziwa akuonetseni kamodzi ndi zosavuta. Ine ndinawauzako ana kuti anayambitsa masewerowa ndi Alfred Butts wa ku America m'ma 1930, amene anachita kuwerenga zilembo m'nyuzipepala kuti aone zobwera pafupipafupi, n'chifukwa chake E alipo 12 koma ndi pointi imodzi pamene Z alipo mmodzi wa mapointi 10. Koma chimene chinawagwira mtima ndi cha Wellington Jighere wa ku Nigeria amene mu 2015 anawina mpikisano wa dziko lonse ku Perth ku Australia, kugonjetsa eni chilankhulo, mnyamata wanga kuyambira tsikulo akudzitcha Wellington.

Mukafuna kugula yotchipayi gulani, magetsi akazima madzulo imathandiza kwambiri ndi kandulo kapena tochi ya foni, koma khuthulirani tizilembo tonse pa kauntala muwerenge musanapereke ndalama, olo wogulitsa akuyang'aneni ndi diso loipa. Ine ndinabwererako sabata yatha, mayi aja anapepesa n'kutsegula katoni ina kuti anditapire S, titawerenga imeneyo inali ndi 99.