Ulendo waufupi wa ku Jordan: mmene ndikuuonera patapita miyezi

Nditangobwera kuchokera ku Jordan ndinalemba mwachidule kuti ulendowo unali wabwino, kuti Petra, mzinda wakale wosemedwa m'matanthwe, ndi malo oti munthu akaone ndi maso ake, komanso kuti mtengo wake ndi woboola m'thumba. Papita miyezi tsopano, ndipo anthu angapo a kumpingo kwathu ayamba kusonkha ndalama kuti nawonso apite. Funso lawo ndi limodzi: kodi ulendo wosakwana ndi sabata yomwe ndi woyenera ndalama zonsezi? Ine ndikuti inde, ndi woyenera, koma osati momwe makampani ambiri amaukonzera.

Ife tinadutsa njira imene pafupifupi gulu lililonse limadutsa. Tinafikira ku Amman, n'kupita ku Jerash, Madaba, phiri la Nebo, malo a ubatizo pa mtsinje wa Yordano ndi ku Dead Sea, kenako n'kutsikira kummwera ku Petra ndi ku chipululu cha Wadi Rum. Papepala zimaoneka zokoma. Ukafika kumeneko umapeza kuti nthawi yambiri uli mu basi, ndipo malo amene amafuna tsiku lathunthu amapatsidwa maola ofanana ndi malo ongofuna kuima pang'ono n'kujambula.

Chimene chakhala chikundibwerera m'maganizo miyezi yonseyi ndi madzi. Ku Amman, ukayang'ana pamadenga a nyumba, paliponse pali matanki. Wotitsogolera anatiuza kuti kwawo madzi amabwera pampopi kamodzi pa sabata, ndipo tsiku limenelo ndi lochapa, lokolopa ndi lodzaza matanki. Jordan ndi limodzi mwa mayiko osowa madzi kwambiri padziko lonse. Ena mwa madzi amene anthu a ku Amman amamwa amachokera pansi pa chipululu ku Disi, kufupi ndi Wadi Rum, ndipo amayenda m'mapaipi mtunda wa makilomita oposa 300. Ntchito imeneyi inatha mu 2013. Nditamva zimenezi, malo onse amene tinapita pambuyo pake ndinayamba kuwaona mwa mtundu wina, makamaka Petra.

Polowa mu Petra umayenda wapansi mu mpata wopapatiza wa pakati pa matanthwe wotchedwa Siq, wotalika pafupifupi kilomita imodzi ndi mamita 200. Aliyense amakhala atakweza mutu kuyang'ana matanthwe, kapena akufulumira kuti akafike pa Al-Khazneh, chipupa chotchuka chija chosemedwa pathanthwe. Koma m'munsi mwa makoma a mpatawo, mbali zonse ziwiri, muli ngalande zogobedwa m'mwala. Ndinaima n'kulowetsamo dzanja. M'kati mwake ndi mosalala, ndipo malo ena umaona pamene munkadutsa mapaipi a dothi lowotcha. Anthu a mtundu wa Nabataea, amene anamanga mzindawu zaka zoposa 2,000 zapitazo, analemera ndi malonda a lubani ndi mure ochokera kummwera kwa Arabia, koma chimene chinawatheketsa kukhala m'chipululu chotere ndi luso losunga dontho lililonse la mvula. Anakumba zitsime m'matanthwe, anamanga madamu, ndipo pakhomo pa Siq anaboola phiri kuti madzi osefukira azipatukira kwina m'malo mothamangira mu mzinda. Damu lawolo litagumuka n'kuiwalika, mu 1963 madzi anasefukira mu Siq n'kupha alendo oposa 20, ambiri a ku France. Boma linamanganso damu pamalo omwewo amene anthu akalewo anasankha. Nkhani imeneyi ndaifotokozera anthu ambiri kuposa nkhani ya Al-Khazneh.

Si kuti Al-Khazneh ndi yonyozeka ayi. Ndi yaitali pafupifupi mamita 40, ndipo ukaiona koyamba kudzera pa mng'alu wa kumapeto kwa Siq, miyendo imaima yokha. Pamwamba pake pali chosema chonga mtsuko chimene chili ndi zipsera za zipolopolo, chifukwa anthu ankachiwombera poganiza kuti muli chuma, pomwe ndi mwala wokhawokha. Vuto ndi lakuti magulu ambiri amafika pamenepa, n'kujambulitsa, n'kuyenda pang'ono, basi nthawi yatha. Mzinda weniweni uli kutsogolo: manda a mafumu, bwalo la masewero logobedwa m'thanthwe, msewu wa zipilala umene unamangidwa Aroma atalanda ufumu wa Anabataea m'chaka cha 106, ndi Ad Deir, chipupa china chachikulu chosemedwa pathanthwe, imene ili pamwamba pa phiri, kokwera masitepe pafupifupi 800. Ife tinapatsidwa theka la tsiku. Tinakwera ku Ad Deir tikuthamangitsana ndi nthawi, ndipo achikulire a m'gulu lathu anatsala m'munsi. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa tikiti ya tsiku limodzi kwa mlendo wogona m'dzikomo ndi madinar 50 (dinar ndi ndalama ya ku Jordan), pomwe ya masiku awiri ndi 55 basi. Kusiyana kwake ndi madinar 5, koma kampani imene inatikonzera ulendo inaona kuti ndi bwino kutiimika m'mashopu a m'mphepete mwa msewu maola ambiri kusiyana ndi kutigoneka usiku wina ku Wadi Musa, tauni ya pakhomo pa Petra.

Pa masitepe a ku Ad Deir pali abulu onyamula alendo. Anyamata owayendetsa ambiri ndi a fuko la Bdoul, amene makolo awo ankakhala m'mapanga a Petra mpaka boma linawasamutsira ku mudzi wa Umm Sayhoun m'zaka za m'ma 1980, nthawi imene malowa analowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika kusungidwa padziko lonse mu 1985. Chakudya chawo chimachokera kwa alendo, ndipo chiyambire nkhondo ya ku Gaza mu 2023 alendo anachepa kwambiri, moti umaona nkhope zawo kuti zinthu sizili bwino. Komabe ndinaona abulu ena ali ndi zilonda pamsana, akukwapulidwa pokwera. Ine sindinakwere. Ndinagula tiyi ndi mpango kwa amayi ogulitsa m'njiramo kuti ndalama itsalebe kwa eni dera, ndipo lero ndikadachitanso chimodzimodzi.

Nditafika kunyumba, mayi anga sanafunse za Petra. Anandikhazika pansi n'kunena kuti, "Iwe, tandiuza, Yordano uja ndi wamkulu ngati Shire?" Ndinawayankha kuti, "Ayi Amayi, mwana akhoza kuponya mwala n'kukagwera tsidya lina." Anakhala chete kwa kanthawi, ndipo ndinaona kuti zawakhudza. Pamalo a ubatizo, amene eni ake amawatcha Al-Maghtas, mtsinjewo ndi waung'ono, wamatope, wozunguliridwa ndi bango, ndipo tsidya linalo umaona anthu ovala zoyera akumizidwa, asilikali ali chapafupi mbali zonse ziwiri. Derali linali la asilikali, lodzaza mabomba okwirira pansi, mpaka Jordan ndi Israel atasainirana pangano la mtendere mu 1994. Pambuyo pake anachotsa mabombawo n'kufukula mabwinja a matchalitchi akale, ndipo UNESCO inalemba malowa mu 2015. Mtsinje unachepa chonchi chifukwa madzi ake ambiri amapatutsidwa kumtunda, ku nyanja ya Galileya ndi pa mtsinje wa Yarmouk, kuti anthu a ku Israel, Syria ndi Jordan amwe ndi kuthirira mbewu. Tsiku limenelo ndinakhumudwa pang'ono. Koma m'miyezi yapitayi, pakawerengedwa za Yohane Mbatizi m'tchalitchi, chimene chimandibwerera ndi fungo la matope ndi kutentha kwa chigwa chija, ndipo nkhaniyo ndimaimva kuti inachitikadi pamalo enieni, pakati pa anthu otuluka thukuta. Pa chifukwa chimenechi malowa sindingawachotse pa ulendo.

Dead Sea, Nyanja ya Mchere ya m'Baibulo ija, ndiyo imene yazimiririka msanga m'mutu mwanga. Umayandama ndithu osamira, chifukwa mchere wake ndi pafupifupi magawo 34 pa 100 alionse, kuwirikiza pafupifupi kakhumi madzi a m'nyanja zikuluzikulu. Koma pakatha mphindi zochepa thupi limayamba kuyabwa, kabala kalikonse kamalasa, ndipo dontho likalowa m'diso umathamangira kumpopi. Ola limodzi ndi lokwanira. Chimene ndinatsala nacho ndi masitepe otsikira kugombe, amene hotelo yakhala ikuwonjezera pamene madzi akuthawa. Nyanjayi ikuphwa kupitirira mita imodzi chaka chilichonse, chifukwa Yordano sakubweretsanso madzi okwanira, komanso mafakitale a kummwera kwake amaumitsa madzi kuti apeze potashi wopangira fetereza. M'mphepete mwake nthaka ikumira n'kusiya maenje akuluakulu. Gombe limeneli lili mamita oposa 430 kunsi kwa mulingo wa nyanja zikuluzikulu, malo otsika kwambiri pamtunda padziko lonse, ndipo akatswiri a nthaka amaliika mu mndandanda womwewo wa ming'alu ya dziko umene umatsika kudutsa Red Sea ndi kum'mawa kwa Africa mpaka ku Nyanja ya Malawi. Ife tili kumapeto kwina kwa chigwa chomwecho, ndi nyanja ya madzi abwino yodzaza nsomba. Chibwerereni, ndikaona mpopi ukutayikira pachabe mtima sukhala m'malo.

Ku Madaba tinangokhala kanthawi kochepa, koma n'kumene ndinaona kanthu kamene ndimakakumbukira bwino kwambiri. Pansi pa tchalitchi cha St George pali mapu a timiyala tamitundumitundu a m'zaka za m'ma 500, oonetsa Yerusalemu ndi madera ozungulira. Mu mtsinje wa Yordano anajambulamo nsomba, ndipo ina yafika pafupi ndi nyanja ya mchereyo n'kutembenuka kubwerera kumtunda. Mmisiri amene anaika timiyalato ankalidziwa dziko lake. Pa phiri la Nebo, pomwe Mose anaonera dziko lolonjezedwa, tinafika masana kuli chifunga cha fumbi, moti Yeriko ankangooneka mwa apo ndi apo. Pitaniko m'mawa. Jerash ndi mzinda wa Aroma wosungika bwino, wokhala ndi bwalo lozungulira la zipilala ndi chipata chimene anamangira mfumu Hadrian itabwera cha m'ma 129 kapena 130, ndipo pa miyala ya msewu waukulu mpaka lero pali mikwasa ya magudumu a ngolo. Maola awiri kapena atatu akukwanirani.

Wadi Rum ndiye sindinakhute naye. Ndi chipululu cha mchenga wofiira ndi mapiri a miyala oima chilili, chachikulu masikweya kilomita pafupifupi 720, ndipo chinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2011 chifukwa cha chilengedwe komanso mbiri yake. Mu mpata wa Khazali muli zojambula ndi zolemba zakale pamakoma: anthu, nyama, mapazi. Madzulo eni msasa anafukula chakudya chimene amachitcha zarb. Anachotsa mchenga ndi fosholo, n'kuvundukula chivundikiro, n'kutulutsa chitsulo cha mashelefu chodzaza nyama ya nkhosa, nkhuku, mbatata ndi anyezi zimene zinapsa pansi pa nthaka kwa maola angapo. Nthunzi inakwera, aliyense n'kusiya foni. Usiku kunazizira koopsa, chinthu chimene ambiri a ife sitinayembekezere m'chipululu, choncho nyamulani juzi yeniyeni ndi masokosi. Chimene sindinakondwere nacho ndi misasa yatsopano ya matenti oonekera m'kati, okhala ndi makina oziziritsa mpweya ndi mabafa a madzi otentha, pomwe madzi onsewo amachita kubwera pagalimoto. Msasa wamba wa matenti akuda ndi wotsika mtengo, ndipo nyenyezi zake ndi zomwezo.

Pa zimene ndinagula, mpango wofiira ndi woyera uja wandithandiza nyengo yonse yozizira ndipo sunasuluke. Za'atar, zokometsera za masamba ouma ndi chitowe, zinatha msanga chifukwa ana anazikonda pa buledi. Matope a Dead Sea a m'paketi, amene ndinagula modula pa shopu ina imene basi inatiimika, anangouma m'kabati. Musataye ndalama pamenepo.

Kunena za ndalama, dinar ya ku Jordan ndi yamphamvu kuposa dola: dinar imodzi ndi pafupifupi madola 1.41, ndipo mtengowu sugwedezeka chifukwa anaumangirira ku dola. Kwa ife amene kupeza ndalama zakunja kumabanki ndi nkhondo, yambani kukonzekera miyezi ingapo ulendo usanafike. Pali tikiti yotchedwa Jordan Pass, yoyambira madinar 70, imene umagula pa intaneti usananyamuke, ndipo imakulowetsa ku Petra, Jerash, Wadi Rum ndi malo ena ambiri. Pa phiri la Nebo ndi pa tchalitchi cha ku Madaba umalipira padera. Nkhani ya visa imatengera pasipoti imene muli nayo, choncho itsimikizireni musanagule tikiti ya ndege, ndipo muzitsatira nkhani za chitetezo m'chigawocho mpaka tsiku lonyamuka. Miyezi yabwino ndi March mpaka May, kapena September mpaka November. Pakati pa chaka kumwera kumatentha mosapiririka.

Gulu la kumpingo kwathu ndaliuza kuti lisalandire pulogalamu yokonzedwa kale. Alembe yawo n'kuipereka kwa kampani: Madaba, Nebo ndi malo a ubatizo tsiku limodzi, kuyambira m'mawa, Dead Sea ikhale ya madzulo a tsiku lomwelo. Agone ku Wadi Musa mausiku awiri kuti azilowa mu Petra chipata chikangotsegulidwa, dzuwa lisanakwere, ndipo tsiku lachiwiri achikulire akwere ku Ad Deir mwapang'onopang'ono, akupuma m'njira. Ku Wadi Rum afike masana, osati dzuwa litalowa. Ngati masiku achepa, achotse Jerash, osati tsiku lachiwiri la Petra. Ndipo alembetse m'pangano, asanalipire, kuti basi sidzaima pa shopu iliyonse pokhapokha gulu litapempha lokha.