Thewera la nsalu kapena lotaya, mwana akangolandira katemera wa rota?

Amayi anzanga a kuno ku Salima, mkangano wa matewera sutha pa sikelo. Ena safuna kumva china koma la nsalu, ena anazolowera otaya aja timangowatchula onse kuti Pampers ngakhale paketi italembedwa dzina lina. Tiyeni tiwayerekeze pa nthawi imodzi yokha, masabata otsatira katemera wa rota.

Katemerayu ndi wodonthezera m'kamwa uja, woteteza ku rota, kachilombo koyambitsa kutsegula m'mimba mwa ana aang'ono. Anayamba kuperekedwa m'Malawi mu Okutobala 2012, wa mtundu wa Rotarix, mwana akakwanitsa masabata 6 ndi 10. Muli kachilombo kamoyo koma kofooketsedwa, kamene kamachulukana m'matumbo kuti thupi likazolowere, ndipo kena kamatuluka ndi chimbudzi cha mwana. Kamatuluka kwambiri pakatha sabata imodzi chilandirireni madontho oyamba, mwa makanda theka kapena kuposerapo. Ulendo wachiwiri n'kochepa. 

Kodi a m'nyumba angatengere? Ku Blantyre ofufuza anayeza achibale pafupifupi 150 okhala ndi makanda olandira katemerayu, kachilomboko n'kupezeka mwa awiri okha. Ku Dominican Republic anayesa pa mapasa, mmodzi kumupatsa wina ayi: 15 mwa 80 osapatsidwawo anatengera, koma panalibe amene anatsegula nako m'mimba. Ndiye oyenera kuwatchinjiriza kwenikweni ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsikiratu, monga amene ali pa mankhwala a khansa kapena amene HIV yawafooketsa kwambiri.

Tiyambe ndi la nsalu. Ubwino wake ndi wakuti zoipa zonse zingathe kukathera m'chimbudzi, komwe n'kwawo. Koma tinene zoona, manyi a khanda loyamwa sakutumulika, ndi ofewa, amafuna kutsukuluza. Ndiye funso ndi lakuti madzi otsukuluzirawo akupita kuti. Ambiri timangowakhuthulira kuseri kwa nyumba, pomwe mkulu wake wa khandalo amakwawa, chifukwa cha kaganizidwe kaja kakuti manyi a mwana alibe vuto. Ena timanyamula beseni lonse kupita nalo pa mjigo, kapena kunyanja ngati tili ku Senga Bay kapena ku Chipoka, pomwe ana akusamba ndipo wina akutsuka mbale chapafupi. Apa ndi pamene thewera la nsalu limagonjera, ndipo choopsa kwambiri pamenepa si kachilombo ka katemera ayi, ndi rota weniweni ndi majeremusi ena oyenda njira yomweyo. Komanso wochapa manja ake amakhalitsa m'madzi oipawo. Likakhala ndi beseni lakelake, sopo, madzi n'kukathiridwa m'chimbudzi, dzuwa lathu la ku Salima limamaliza ntchito mwachangu. M'Januwale ndiye kuuma kumavuta.

Lotaya limasunga manja. Wapinda, wamata, watha. Usiku silidontheza pa mphasa, ndipo pa minibasi ya ku Lilongwe palibe chofanana nalo. Vuto lake limayamba likachoka pa mwana. Ku dzala, agalu amalifukula n'kulikokera pabwalo la aneba. M'chimbudzi chokumba siliola, limangodzaza dzenje. Kuliotcha lili lonyowa, limangofuka utsi. Chotsala ndi kukumba dzenje lakuya n'kumakwirira tsiku ndi tsiku, ndipo ndi angati amachita zimenezo? Palinso mtengo. Tikamagula limodzilimodzi pa okala timafuna likhalitse, mwana n'kuswera nalo, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno m'mphechepeche mumasupuka.

Kwa ine, pakhomo pamene pali chimbudzi ndi madzi apafupi, la nsalu likuposa, lotaya lisungidwire ulendo ndi usiku. Zimatembenuka ngati amene amasintha ndi kuchapa matewera ndi munthu wofooka chitetezo uja, mwina agogo odwala amene amatsala ndi mwana mayi akapita ku msika. Pamenepo gulani otaya kwa masabata angapo, kapena ntchitoyo agwire wina. Mtundu uliwonse mungasankhe, mpondagiya wokhala ndi sopo akhale pafupi, musambe m'manja musanayamwitse kapena kugwira chakudya.

Kachilombo kotuluka m'chimbudzika si chifukwa cholekera madontho achiwiri, pitani nayeni pa masabata 10. Koma ngati m'masiku otsatira katemera mwana akulira mopinda miyendo, akusanza mobwerezabwereza kapena chimbudzi chili ndi magazi, musadikire tsiku la sikelo. Nthawi zina, ngakhale mwa apo ndi apo, matumbo amalowana, ndipo zimenezo n'zofunika chipatala tsiku lomwelo.