Littmann Classic III: ndemanga kwa ophunzira kupima mtima

Ophunzira zachipatala ambiri akatsala pang'ono kuyamba kupita kumawodi amafunsa ngati kuli koyenera kutaya ndalama zambiri pa stethoscope (chipangizo chomvetsera mtima ndi mapapo) ya Littmann Classic III, pamene m'mafamase muli zina zotsika mtengo zooneka chimodzimodzi. Ine ndikuti ndi koyenera, ngakhale kuti pali malo amodzi pachifuwa pamene chipangizochi chimafuna dzanja lozolowera.

Dzinali ndi la David Littmann, dokotala wa mtima wa ku Harvard amene anakonza kapangidwe ka mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1960. Classic III ndi yaitali masentimita 69, mutu wake ndi wachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo uli ndi mbali ziwiri, yaikulu ya akuluakulu ndi yaing'ono ya ana. Diaphragm yake, kachikuto kopyapyala kamene kamagona pakhungu la wodwala, imatola mawu otsika ikangokhudza khungu, ndipo ikakanikizidwa imatola mawu okwera.

Kupima kumayamba ndi chala. Wopima amafufuza kachitunda ka pafupa la pakati pa chifuwa, kamene madokotala amati angle of Louis, chifukwa pamenepo ndi pamene nthiti yachiwiri imalumikizana ndi fupalo, ndipo mpata umene uli m'munsi mwa nthiti imeneyi ndiwo wachiwiri. Mumpata umenewu, m'mphepete mwa fupa kumanja kwa wodwala, mumamvekera vavu (kachitseko ka mumtima koletsa magazi kubwerera m'mbuyo) ya aortic, pamene kumanzere kumamvekera ya pulmonary. Apa Classic III imagwira ntchito yotamandika, pakuti ngakhale kugawikana kwa kugunda kwachiwiri kwa mtima pamene munthu akukokera mpweya mkati kumamveka bwino, chinthu chimene zipangizo zopepuka zimabisa. Wodwala akakhala tsonga, n'kuweramira kutsogolo atatulutsa mpweya, diaphragm yokanikizidwa mumpata wachitatu kumanzere imatola phokoso lofewa la vavu ya aortic yobweza magazi.

Ya tricuspid imamvekera chakumunsi, m'mphepete mwa fupa lomwelo kumanzere, ndipo palibe chodandaulitsa. Mbali yaing'ono ija imathandizanso pa akuluakulu owonda kwambiri, amene nthiti zawo zotuluka zimalepheretsa mbali yaikulu kugona bwino pakhungu.

Vuto lili pa vavu ya mitral. Malo ake ndi pansonga ya mtima, mumpata wachisanu, pamzere wotsika kuchokera pakati pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, ndipo wopima wanzeru amayamba wagwira ndi dzanja kuti amve pamene nsongayo ikugunda, popeza mtima ukakula imasunthira kunsi ndi chakukhwapa. Kudalira nsonga ya bere n'kudzinamiza, makamaka pa amayi. Kuno ku Malawi, kumene nthenda ya mtima ya rheumatic ikuvutitsabe ana ndi achinyamata, malo amenewa ndi ofunika koposa ena onse, chifukwa vavu ya mitral ndiyo imaonongeka kawirikawiri. Ikapanikizika imatulutsa phokoso lotsika ngati kugunda kwa mvula yakutali, limene limamveka wodwala atagona chammbali cha kumanzere. Wophunzira watsopano amakonda kukanikiza, ndipo akatero diaphragm imachotsa phokoso lomwe akufunalo, iye n'kulemba kuti mtima uli bwino. Malangizo anga ndi akuti achotse diaphragm ya mbali yaing'ono n'kuvekapo mkombero wamphira wopangidwira ntchito imeneyi, kuti mbaliyo isanduke belu lenileni, mbali yotseguka yotola mawu otsika, kufikira dzanja litaphunzira kupepuka.

Timphira ta m'makutu n'tofewa ndipo timatseka bwino phokoso la wodi yodzaza anthu, malinga tikaloza kutsogolo polowetsa. Chubu chake, monga cha zipangizo zina zotere, chimauma chikamakhala pakhungu la m'khosi tsiku lonse, choncho ndi bwino kuchikoleka pamwamba pa kolala. Mtengo ndi wokwera ndithu kwa wophunzira wodalira thumba la makolo, ndiponso zachinyengo zolembedwa dzina lomweli zilipo zambiri pa intaneti, motero gulani kwa wogulitsa wodziwika ndipo musunge risiti, pakuti chenicheni chimakhala ndi chitsimikizo cha zaka 5.

Amene ntchito yake yaikulu ndi kuyeza kuthamanga kwa magazi angathe kukhutira ndi chotsika mtengo. Koma dokotala, clinical officer kapena namwino amene adzapima mitima ya ana kuchipatala cha boma kumene kulibe makina a echo ounikira mtima pafupi, agule Classic III, ndipo Cardiology IV, stethoscope ina ya Littmann yodula kwambiri, aisiyire akatswiri a mtima.