Magulu a zisudzo zachitukuko: ndi ati oyenera ndalama za bungwe lanu

Bungwe lofuna kuthana ndi maukwati a ana, kusowa kwa mankhwala pachipatala kapena mijigo yongofa, posachedwa limaganiza zolemba ganyu gulu la zisudzo. Magulu otere alipo ambiri m'mizinda yathu, ndipo onse amalonjeza kuti anthu akaonera sewero asintha. Koma pansi pa dzina limodzili pali ntchito ziwiri zosiyana kwambiri.

Yoyamba ndi ya tsiku limodzi. Lole imafika masana itanyamula zimkuzamawu ndi jenereta, ana amapikisana kuvina polimbirana malaya, kenako pamabwera sewero lomwe lidalembedwera muofesi kutauni. Mumakhala bambo chidakwa, mayi wongolira, ndi mlangizi wanzeru amene kumapeto amalakatula uthenga wa bungwe monga ulili pakapepala. Anthu amaseka mpaka misozi, wojambula amatola zithunzi za chikhamu, lipoti limatuluka lokongola. Ngati mukungofuna kulengeza tsiku la katemera, imeneyi ikwanira ndipo siboola thumba. Kupitirira apo musayembekezere kanthu. Kumudzi amadziwa kuti mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kulowa m'banja. Malamulo a dziko adakonzedwa pa nkhaniyi mu 2017 ndipo mawailesi aimba nayo nyimbo. Zomwe zimakwatitsa mwanayo ndi fizi ya kusekondale, mtunda wopita kusukulu ndi njala ya mu Febuluwale, ndipo sewero lochokera muofesi silifika pamenepo.

Yachiwiri ndi imene ikuyenera kutchedwa zisudzo zachitukuko. Kuno kwathu idazika mizu m'zaka za m'ma 1980 kudzera m'gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College, momwe munali aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr. Ntchito yawo yodziwika bwino inali ya zaumoyo m'midzi yozungulira Liwonde, komwe masewero ankapangidwa kuchokera pa zokamba za eni mudzi. Mabungwe ngati CRECCOM ya ku Zomba ndi Theatre for a Change amagwiritsa ntchito njira za mtundu womwewu.

Gulu lodziwa ntchito limakhala la anthu 6 mpaka 8, amuna ndi akazi, ndipo limagona m'mudzimo masiku osachepera atatu lisanaonetse kalikonse. Likalonjera mfumu, limamwazikana awiriawiri: ena kumjigo, ena kuchigayo, ena pabawo, ena kudimba. Safunsa ndi kope m'manja. Amatunga nawo madzi n'kumamvetsera. Madzulo amakumana kusefa zomwe amva, n'kusankha vuto limodzi lokha. Apa ndi pamene magulu ambiri amagwera, chifukwa wopereka ndalama amafuna Edzi, ukhondo, nkhanza ndi kubzala mitengo zonse zilowe m'sewero limodzi, ndiye zimatuluka phala losadziwika mutu wake.

Sewerolo sililembedwa papepala. Amagwirizana mafupa ake okha, mawu amabwera ali m'bwalo, ndipo nyimbo ndi za m'mudzi momwemo zongosinthidwa mawu. Lisapitirire mphindi 20 kapena 25, ndipo lithere poipa. Tinene kuti nkhani ndi ya mjigo: msungichuma wa komiti wadya ndalama zogulira zipangizo, mayi wina akufunsa pamsonkhano, onse amukhazika pansi. Wotsogolera amaimitsa pomwepo n'kutembenukira kwa anthu: "Amayiwa alakwa chiyani? Mukanakhala inu mukanatani?" Woyankha samangoyankhira pomwe wakhala. Amamuitanira m'bwalo, amamumanga chitenje cha mayi uja, sewero limabwerezedwa iye akuyesa nzeru yakeyo.

Apa mpamene mumadziwira ngati mwalemba akatswiri. Wosewera msungichuma asagonje msanga. Akangomva mawu awiri n'kugwada kupepesa, anthu amaomba m'manja koma amadziwa kuti msungichuma weniweni satero. Ayenera kukana, kuopseza, kutchula chibale chake ndi amfumu, mpaka omvera aone kuti munthu mmodzi sangathe, pakufunika kaundula wa ndalama, anthu awiri osayinira, ndi kuwerengetsa ndalamazo poyera mwezi ndi mwezi. Anthu atatu kapena anayi akayesa, nkhani imakhala yapsa. Gawo limeneli limadya nthawi kuposa sewero lenilenilo, ola lathunthu n'kutheka.

Njira yolowetsa oonera m'bwaloyi adaitchukitsa ndi Augusto Boal wa ku Brazil. Mu 1992 iye adasankhidwa kukhala khansala mumzinda wa Rio de Janeiro, ndipo maganizo otuluka m'masewero a magulu ake adabala malamulo 13 a mzindawo. Kunoko phunziro lake n'losavuta: pabwalo pakhale wina woti angayankhe. Khansala, wapampando wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC), mkulu wa chipatala, mlangizi wa zamadzi, aitanidwe ndi kalata sabata ziwiri zisanachitike. Popanda iwo, anthu amatulutsa mkwiyo n'kubwerera kunyumba opepukidwa mtima, mjigo udakali wakufa.

Zolakwika zina n'zazing'ono koma zimapha ntchito yonse. Mipando ikaikidwa kutsogolo, amfumu ndi alendo n'kukhala ngati pa msonkhano wachipani, amayi omwe ali pamphasa chakumbali salankhula. Bwalo likhale lozungulira, ndipo pa nkhani za nkhanza amayi ayambe akambirana paokha. Maikolofoni nawo ndi msampha: ochita sewero amaima malo amodzi ngati mitengo, ndipo gogo amaopa kulankhulira m'chitsulo. Ngati anthu sakupitirira 200, mawu a pakamwa ndi ng'oma ziwiri zimakwana. Wanthabwala wochenjera kwambiri amaba sewero, makamaka akapatsidwa mbali ya wolakwa, chifukwa anyamata amatengera mawu ake kumsika ngati ngwazi. Palinso ngozi yofananitsa kwambiri. Chipewa, kayendedwe kapena kamwambi ka munthu weniweni zikaoneka m'sewero, onse amadziwa yemwe akunenedwa, ndipo gulu likakwera galimoto mlandu umatsalira mayi amene adaulula. Gulu losamala limasintha maina, ntchito ndi maonekedwe, ndipo siliuza aliyense komwe lidamva nkhani.

Za nyengo sitichedwapo: m'dzinja anthu ali kumunda, tsiku la msika mumapeza oledzera, ndipo pakagwa maliro zonse zimaima. Miyezi ya Meyi mpaka Okutobala, kuyambira cha m'ma 2 koloko masana, ndiyo yabwino. Alawansi kwa oonera musapereke, mungaphe misonkhano yonse ya m'tsogolo.

Pa mtengo, njira yachiwiriyi imadula kangapo chifukwa mukulipira masiku, chakudya ndi ulendo wobwereza. Komabe midzi inayi yochitidwa motere imaposa midzi 20 yongodutsamo ndi lole. Musanasayinirane, pemphani kukaonera gululo likugwira ntchito kwina, ndipo maso anu akhale pa wotsogolera: kodi amafunsa n'kudikira, kapena amadziyankha yekha? M'mgwirizano mulembe kuti pomaliza pakhale pepala lalikulu losonyeza chochita, wochita ndi tsiku, litsale kwa mlembi wa VDC, ndipo gawo lomaliza la malipiro liperekedwe gululo likabwerera pakatha milungu isanu ndi umodzi kukaliwerenga pamaso pa anthu omwe aja.